Asekon Sanamete

Mkulu wanga Asekon ndi munthu wa pansi pa chitsime. Chilimwe chikakula timakumba mchenga wa mtsinje kutsatira madzi, ndipo kuya kwa chitsime timakuyeza ndi anthu: ichi n'cha anthu atatu, icho n'cha asanu, aliyense ataima pamalo pake n'kumapatsirana chotungira mpaka chikafike kumwamba kumene ziweto zikudikira. Pansi penipeni pamatsikira munthu wosaopa kuti mchenga umugumukira. Kuyambira ali mtsikana malo amenewo anali a Asekon, ndipo panalibe wolimbirana naye. Ankaimba ali m'menemo, mawu n'kumatuluka okhuthala ngati akuimbira mumtsuko, mbuzi za bambo athu n'kumabwera zokha popanda wozikusa.

Ine ndine Atabo, amene ndinamuponda pamutu. Ndili wamng'ono munga unandilowa kuchidendene, chilonda chinakana kupola, mwendo n'kufota. Pamene anthu a boma anabwera kudzalamula kuti khomo lililonse lipereke mwana mmodzi kusukulu, bambo sanaganize kawiri. Anayang'ana ana awo mmene munthu amayang'anira m'khola akafuna mbuzi yophera mlendo amene sanamuitane, n'kuloza ine. Masiku amenewo kusukulu kunkapita mwana amene mbuzi sizingamusowe. Sindinapite nayo patali sukuluyo, koma inandikwanira kupeza ntchito yophika pasukulu yogonera ya m'mphepete mwa mtsinje wathu, ndipo ndikukalambira pamoto womwewo. Asekon amanditcha mzungu wa phulusa. Ine ndimamutcha chule.

Iye ndiye anali mwana weniweni. Chaka chilichonse bambo ankagulitsa mbuzi n'kumuwonjezera mikanda, yofiira, yachikasu, yobiriwira, mpaka khosi lonse linakwiririka kuyambira pamapewa kufika kuchibwano. Munthu ukamuitana ankatembenuka ndi thupi lonse, ine n'kumamuseka, koma mumtima nsanje ili tho. Anakwatiwa ndi Lomuria, munthu wamtali wosayankhulayankhula, amene mawu ake onse ankathera pa ng'ombe yake yotuwa ya nyanga yopindika. Ankaiimbira m'mawa ndi madzulo omwe. Asekon ankati anakwatiwa pamitala ndipo mkazi wamkulu ndi ng'ombeyo. Ziweto za malowolo zinasonkhedwa kwa abale onse a Lomuria, abambo ake aang'ono, amalume, ngakhale asuweni, ndipo zitakwana anamuveka mkulu wanga alagama, mkombero wachitsulo wa m'khosi umene mkazi amauvula pokhapokha mwamuna wake akamwalira.

Anabereka ana anayi. Awiri anapita akadali kubere. Anatsala ndi mtsikana, Arukudi, amene anabadwira panjira banja likusamuka, ndi kamnyamata kotsiriza dzina lake Epua.

Zaka zonsezo Asekon sanalowepo pageti ya sukulu yathu. Akabwera kudzandiona ankaima kumpanda n'kumandiitana ngati ndili m'ndende. Chimene chinkamuopsa chinali atsikana. Kwathu mtsikana amameta m'mbali mokha, pakati n'kusiya tsitsi lopota, ndipo mikanda savula ngakhale pogona. Lumo limadutsa mutu wonse, mikanda n'kuvulidwa, pokhapokha mwini khomo akamwalira. Ndiye taganizani iye kuona khamu la atsikana, mitu ili mpala, makosi ali pamtunda, koma akuthamangitsana ndi kuseka. Ankalavula pansi n'kundifunsa kuti, “Iwe Atabo, kwanu kuno amamwalira ndani tsiku ndi tsiku?” Sukulu ankaitcha mudzi wa anamfedwa.

Kenako kunabwera chilala chija. Mitambo inkasonkhana masana, madzulo n'kubalalika osadontha ngakhale kadontho. Lomuria ndi anzake atatu anatenga ng'ombe ndi ngamila kulowera kumapiri a kumalire ndi Uganda kumene kumatsalako udzu, n'kusiyira mkazi wake mbuzi ndi bulu mmodzi. Anangonena kuti mvula ikagwa abwera. Mvula sinagwe chaka chimenecho, sinagwenso chotsatira. Mbuzi zinayamba kugona osadzuka, ndipo Asekon ankazidzutsa pozikoka mchira mpaka panalibenso yokoka. Banja linakhalira zipatso za edapal, zija zimafuna kuphikidwa tsiku lonse n'kumataya madzi kuti ululu uchoke. Epua anatupa mapazi, tsitsi lake n'kufiira, ndipo m'mawa wina sanadzuke. Mwana wamng'ono choncho sametera maliro, amangomuika pansi pa mtengo n'kusanjikiza miyala kuti afisi asafukule.

Patangopita masiku ochepa ndinatuluka m'khitchini kukataya phulusa, n'kupeza mkulu wanga wakhala pansi mkati mwa mpanda. Analowa pageti yekha. Pambali pake panali Arukudi, mwana wosapitirira zaka khumi, miyendo ngati timitengo, timikanda take tikulendewera pakhosi lowonda.

Ahedi athu a nthawi imeneyo anali ochokera kumwera kumene mvula imagwa, ndipo sanali munthu woipa, anali otopa chabe. Anati chimanga ndi nyemba zimene timaphikazo zimabwerera ana a sukulu, ndipo mwana wa sukulu savala mikanda ndiponso amameta ngati anzake. Anati anaona okha atsikana a mikanda akudya miyezi iwiri, kunenepa pang'ono, kenako n'kudzatengedwa kukakwatiwa. Ndinawapempha kuti adikireko mpaka abambo ake a mwanayo abwere. Anandifunsa kuti abwera liti. Ndinabwerera kukhitchini nditapsa mtima, n'kubisa kapu ya chimanga pansi pa nsalu kukapatsa mwanayo. Koma kuba kotero sungakuchite tsiku lililonse.

Asekon anakhala kuseri kwa khitchini tsiku lonse. Dzuwa litapendeka anandiitana.

“Atabo, abambo ake a mwanayu ali moyo. Ndikamumeta, ndikumeta maliro a ndani?”

“Si maliro, achemwali. Ndi lamulo la sukulu chabe. Mulungu akudziwa kusiyana kwake.”

“Mulungu akudziwa. Nanga lumo likudziwa?”

Arukudi anali atagona pansi akunyambita kapu yopanda kanthu ija, ndipo mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja kuti ndimupatse lumo. Mayi osamalira atsikana ogonera anadzipereka kuti amumete iwo, koma Asekon anakana, nati ngati ndi mlandu ukhale padzanja lake. Anadula zingwe za mikanda chimodzichimodzi, anameta mutu wonse, anakulunga mikanda ija m'chikopa cha mbuzi, n'kumukankhira mwanayo kwa ine osamuyang'ana kumaso. Tsiku limenelo Arukudi anadya pamzere ndi anzake.

Mvula itagwa, amuna anayamba kutsika kumapiri ndi ziweto zimene zinapulumuka. Asekon ankaima pamsewu kufunsa aliyense. Panalibe amene anaona Lomuria kapena anzake atatu aja. Mphekesera ndiye zinali mbwee: uyu akuti anakwatira ku Uganda, uyo akuti anamangidwa atapezeka ndi mfuti, wina n'kumangopukusa mutu. Mkulu wanga sanabwererenso kutchire, popeza kunalibe choti akawete. Anamanga kanyumba ka makhwatha a mgwalangwa kuseri kwa mpanda wathu, n'kumawotcha makala ndi kutungira sukulu madzi. Anabwerera pansi pa chitsime, koma nyimbo zinatha.

Anandiuza kamodzi kokha, tikutsuka miphika, kuti anamupha yekha mwamuna wake ndi lumo lija. Ndinamukalipira, ndinamuuza kuti ndi umbuli, ndinamutchulira ndi mavesi omwe, koma zinali ngati ndikuthira madzi pamchenga. Sukulu ikatsekera ankamasula chikopa chija n'kumuvekanso Arukudi mikanda, tsitsi n'kulisiya kuti limere, poganiza kuti mwina imfa isokonezeka n'kubweza munthu. Potsegulira ankamumetanso yekha. Kwa iye teremu iliyonse inkayamba ndi kupha mwamuna wake kachiwiri.

Mwanayo ndiye anaikonda sukulu mmene mbuzi imakondera mchere. Sanali woyamba m'kalasi, komanso sanali mchira, ndipo masamu ankawatha kuposa anyamata. Ankatukwana bulu wa sukulu m'Chingerezi, n'kumauza aliyense kuti adzakhala dokotala wa ziweto kuti ng'ombe za abambo ake zikadzabwera azidzazibaya yekha jakisoni. Mayi ake akamva zimenezi ankangowerama n'kumapitiriza kuthyola nkhuni.

Arukudi atayamba kusinkhuka kunabwera Ewoton, mng'ono wake wa Lomuria. Nayenso chilala chinamusesa, ndipo anali ndi akazi awiri ndi ana odzaza khomo. Anapita pamtengo pamene amuna amakhala pa timipando tawo n'kuika nkhani yake poyera: mkulu wake anafa, zaka zapita, aphe mbuzi, anthu amete, iye alowe chokolo, ndipo mtsikanayo atuluke kusukulu chifukwa pali munthu wa ngamila zambiri amene wamufunsira. Ine ndinkamuda Ewoton, sindibisa, koma sankanena zachilendo. Khola likatha, kwathu limadzukanso ndi mwana wamkazi, ndipo onse amene anasonkha malowolo a mayi ake amadikira gawo lawo.

Akuluakulu anafunsa funso limodzi lokha, kuti ndani anaona mtembo. Panalibe. Anaitanitsa Asekon, amene anakhala pansi chapatali monga amachitira akazi, ndipo atamufunsa anagwira mkombero wa m'khosi mwake n'kunena kuti mwamuna wake ali ku ng'ombe. Mlandu unathera pomwepo, chifukwa bambo akakhala moyo palibe wina angapereke mwana wake kubanja. Anthu ena anati mkulu wanga ndi wochenjera. Sikunali kuchenjera ayi. Kuvomera kuti Lomuria anafa kunali kuvomera kuti anamupha iye, ndipo pakamwa pake sipakanatha. Pochoka Ewoton anadzera kukhitchini n'kundiloza chala kuti ine wotsimphina wa sukulu ndine ndikupotoza mlamu wake. Ndinamuyankha kuti akanapita kusukulu iye bwenzi akudziwa kuwerenga ana asanawabereke. Lero mawu amenewo amandinyansa.

Nkhani yeniyeni inatipeza masana, dzuwa lili paliwombo, chaka chimene Arukudi anali m'kalasi lomaliza la pulayimale. Ndinapita kwa Asekon kukatenga makala, ndipo tikulongedza m'thumba panatulukira munthu wowonda, mkono umodzi uli lendee. Tinamuzindikira ndi mawu. Anali Lotiang, bwenzi la Lomuria, mmodzi wa atatu ananyamuka naye aja.

Anamwa madzi kaye, n'kufotokoza maso ali pansi. Kumapiri kuja sanafikeko n'komwe. Akuba ng'ombe anawabisalira pampata wina m'bandakucha, ndipo Lomuria anawomberedwa ataima pambali pa ng'ombe yake yotuwa ija. Enawo anafera pomwepo. Iye Lotiang anakwawa ndi chipolopolo m'phewa, anatoledwa ndi anthu a kutsidya, ndipo anakhala zaka zonsezi akuweta ng'ombe za eni, akuopa kubwera kudzayang'anizana ndi akazi a anzake. Mitembo sanaikwirire, popeza wophedwa ndi adani saikidwa m'manda, amasiyidwa pomwe wagwera.

Asekon sanafunse za ng'ombe, sanafunse ngati mwamuna wake anasiya mawu. Anangofunsa kuti zinachitika liti. Lotiang anati mwezi womwe ananyamukawo unali usanathe. Anamufunsanso kachiwiri, ndi kachitatu, yankho n'kukhala lomwelo. Tsiku limene ankameta mwana wake kuseri kwa khitchini, mafupa a Lomuria anali atayera kale pampata paja.

Ndinaona nkhope ya mkulu wanga ikumasuka ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Anaseka pang'ono. Kenako anagwada, pakamwa n'kuyasamuka, ndipo mawu oyamba a maliro anali atayamba kutuluka pamene chitsulo cha sukulu chinalira, atsikana n'kutuluka m'makalasi ndi phokoso lawo kuthamangira kunkhomaliro. Asekon analowetsa dzanja m'kamwa n'kuliluma mpaka magazi. Anakhala choncho kufikira kupuma kwake kunabwerera m'malo, kenako anafunsa Lotiang kuti wauzapo ndani. Iye anati palibe, wayambira pakhomo pa mwini maliro.

“Ndiye kuno simunafike,” anatero Asekon.

“Alamu, munthuyo sanaliridwe. Akungoyendayenda.”

“Wayenda zaka zonsezi, miyendo ali nayo. Inu pitani kunyanja mukagwire nsomba. Mwana wanga akamaliza sukulu ndidzakuitanitsani.”

Lotiang anandiyang'ana ine ngati ndimuthandiza, koma ndinayang'ana makala. Ndikuganiza kuti naye mtima unakhala pansi kuti sakaimanso pamtengo wa amuna kufotokoza chifukwa chake iye yekha anatsala. Anakwera lole ya madzulo omwewo.

Ndinamuuza mkulu wanga kuti tsopano agone tulo, dzanja lake ndi loyera. Anapukusa mutu, nati kale ankadziyesa wakupha koma sankadziwa, pamene tsopano akudziwa ndipo akumumana mwamuna wake maliro ake mwadala. Anandilumbiritsa pa manda a Epua kuti ndisauze munthu, ngakhale mwanayo.

Chodabwitsa n'chakuti zaka zonse zimene ankadziimba mlandu, Lomuria sanamuonekerepo. Anayamba kubwera atangodziwa. Sabwera usiku ngati mizimu ya anthu ena, amabwera masana dzuwa likuswa mtengo, nthawi yomwetsa ziweto. Asekon akakhala pansi pa chitsime n'kukweza maso, amaona mapazi ovala nsapato zachikopa ataima m'mphepete mwa dzenje, pamalo pamene amayi anzake akuti palibe munthu. Sakalipa, samuopseza. Amangoima ndi ludzu lake, nthawi zina n'kumang'ung'udza nyimbo ya ng'ombe ija. Amayi otunga nawo anayamba kuona kuti chotungira choyamba cha tsiku lililonse Asekon amachipereka kumwamba n'kulamula kuti achikhuthulire pamchenga. M'dziko limene timakanganirana madzi otsukira mbale, zimenezi sizikanabisika. Anamufunsa, iye n'kuyankha kuti madzi oyamba amakhala ndi matope.

Ine ndine wa kwaya, ndipo zinthu zimenezi ndinaziseka moyo wanga wonse. Koma tsiku lina ndikuwoloka mtsinje wouma masana, ndekhandekha, ndinamva belu lamtengo la ng'ombe likugogoda kumbuyo kwanga, pang'onopang'ono, monga imayendera ng'ombe yotopa. Nthawi imeneyo m'dera lonse munalibe ng'ombe ndi imodzi yomwe, zotsala zinali kumapiri. Sindinacheuke. Ndinafika kukhitchini, ndipo nditakhala pansi mantha anasanduka mkwiyo. Ndinakwiyira ahedi aja ndi lamulo lawo, ndinakwiyira amuna a pamtengo, ndinakwiyiranso Lomuria yemwe. Moyo wake wonse anali munthu wodekha, ankatha kudikira ngamila tsiku lonse kuti imwe, nanga akulephera bwanji kudikira mwana wake?

Arukudi anakhoza mayeso, a mpingo n'kumupezera thandizo, ndipo anapita kusekondale ku Lodwar. Patchuthi amabwera atatalika ngati abambo ake, n'kumakaima pamsewu kufunsa oyendetsa malole ochokera kumalire ngati anakumanapo ndi munthu wamtali wa ng'ombe yotuwa. Mayi ake amamusiya afunse. Mwanayo akabwerako amamuphikira tiyi n'kumvetsera zonse zimene madalaivala anena, akugwedeza mutu, ndipo ine ndimatuluka panja chifukwa sinditha kuziona. Asekon wawonda mpaka mikanda imachita kugwedera, koma sanachotsepo ndi chingwe chimodzi chomwe.

Chilimwe chathachi Ewoton anabweranso. Sanadzere pamtengo wa amuna, ndipo kampando kake sanatenge. Anafika pakhomo pa Asekon atabereka mnyamata wake Ekuwam, amene ankamuwetera timbuzi take totsala, n'kumugoneka pamthunzi. Mwanayo ankatsokomola mpaka nthiti kuoneka. Ewoton anakhala pansi padothi pamaso pa mkazi, chinthu chimene sindinaonepo mwamuna wa msinkhu wake akuchita. Anati m'nyumba mwake mwalowa chifuwa, ndipo woombeza anaponya nsapato zake katatu, zonse n'kugwa mofanana: pali wakufa wa magazi awo amene ali ndi ludzu, sanaliridwe, ndipo ayamba kutenga ana.

“Alamu, ngamila zija ndinaziiwala kale,” anatero. “Mwana wanu aphunzire mpaka atope yekha, ine sindimukhudza. Tingomulira mkulu wanga, apume, atisiye.”

Ine misozi inali italengeza. Ndinkayembekezera kuti mkulu wanga agonja, ndipo mumtima ndinkafuna kuti agonje. Koma anafunsa modekha kuti nanga abambo aang'ono, amalume ndi asuweni onse amene anasonkha ziweto za malowolo ake, nawonso aiwala? Lumo likadutsa pamutu pake, Ewoton yekha angawaletse onsewo? Ewoton sanalonjeze, chifukwa si munthu wabodza.

“Mwamuna wanga ali ku ng'ombe,” anatero Asekon. “Mwanayu mupite naye kuchipatala.”

Ewoton anabereka mwana wake n'kunyamuka. Ndinamutsatira ndi mwendo wangawu mpaka kukachipatala kathu kakang'ono, kumene anatipatsa mapiritsi n'kutiuza kuti chifuwa chotere chimafuna chipatala chachikulu cha kutauni. Ewoton anati apita akagulitsa mbuzi. Mwezi usanathe tinamva kuti Ekuwam wamwalira.

Ndinamuuza Asekon kuti chinamupha mwanayo ndi chifuwa, ndi njala, ndi kutalika kwa chipatala. Ndimakhulupirira zimenezo mpaka lero. Iye sanatsutse, anangofunda nsalu yake n'kunena kuti tiyeni kumaliro.

Tinayenda m'mawa wonse. Pakhomo pa Ewoton tinapeza amayi atakhala mozungulira mayi wa mwanayo, akulira motsitsa popeza anali atalira kale mpaka mawu kutha. Asekon analowa pakati pawo mikanda ili m'khosi, n'kukhala pansi mwaulemu monga mlendo. Ndinaona mapewa ake akuyamba kugwedezeka, ndipo ndisanamufike chinthu chimene anachimeza pamakala paja chinatuluka chonse. Anadzigwetsa pansi, anadzola dothi kumaso, anakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti akadali nawo m'thupi lowondalo. Kenako anagwira mkombero wachitsulo uja ndi manja onse awiri n'kuyamba kuukoka ngati akufuna kudzipotokola nawo khosi, mpaka amayi anayi anachita kumupanikiza pansi.

Ena ananong'onezana kuti mayi wamkuluyu ankamukonda mwanayo. Koma kulira kwa mkazi wamasiye timakudziwa tonse, ndipo palibe mkazi amakoka alagama chifukwa cha mwana wa mlamu wake. Amayi achikulire anayamba kuyang'anizana. Kumbali ya amuna, kumene kunakhala abambo aang'ono ndi amalume aja, mitu inatembenukira kwa ife. Ine ndinadziwa kuti pakangotuluka funso limodzi, Arukudi sadzaonanso m'kalasi.

Ewoton anaimirira. Anadutsa pakati pa anthu mpaka pamene panagona mlamu wake, dothi la manda a mwana wake likadali m'zikhadabo, n'kunjuta pambali pake. Ine ndinali nditagwira mutu wa Asekon pamiyendo panga, choncho ndinamva zimene ena sanamve.

“Munadziwa liti?”

Asekon anangotsegula maso n'kumuyang'ana, osabisanso kanthu.

“Zamutsalira zaka zingati mtsikanayo?”

“Ziwiri,” ndinayankha ndine.

Anakhala chinjutire akuyang'ana pansi, ndipo ndinkayembekezera kuti atimenya kapena aitana amuna aja. Koma anadzuka, anatembenukira kwa anthu, n'kunena mokweza kuti alamu ake dzuwa lawapweteka, ayenda mtunda wautali osadya kanthu, awapatse madzi. Anawonjezera kuti masiku apitawo anakumana ndi munthu wochokera ku Uganda amene anaona mkulu wake ali bwinobwino, ng'ombe zitaswana. Amalume ena anafunsa kuti munthu wake ndani, iye n'kuwayankha kuti lero waika mwana, mafunso adikire.

Atatero anaweramanso ngati akutithandiza kudzuka, n'kunena motsitsa kuti, “Zikatha ziwirizo mudzandiitane, lumo ndidzabweretsa ndine. Koma pakhomo panga pano musadzapondenso, nonse awiri.”

Ndinamukweza mkulu wanga, n'kumukoleka dzanja paphewa langa, wolumala kunyamula wamphumphu. Pamene tinkatuluka pampata wa minga, Ewoton anali akulowa m'nyumba ya mkazi wake wamng'ono, mmene mwana wina anali kutsokomola.